Kodi Kutchula Mau Ndiko Kuŵerenga?

Tisanaloŵe m'maphunziro a chigawo chino, tiyeni tiganizire pamodzi funso ili. Mwana aimirira m'kalasi mwanu naŵerenga ndime yonse osadodoma, osalakwa ngakhale liu limodzi. Mukamfunsa kuti nkhaniyo ikunena chiyani, angoyang'ana pansi. Kodi mwana ameneyu adziŵa kuŵerenga? Tikamuombera m'manja ndi kuuza makolo ake kuti mwana wanu wadziŵa kuŵerenga, kodi tanena zoona? Funsoli likhudza chikumbumtima cha mphunzitsi aliyense, pakuti chimene tiyamikira ndicho chimene ana adzayesa kuti ndi chofunika.

M'kuŵerenga muli ntchito ziŵiri. Yoyamba ndi kuzindikira malembo, kuŵaphatikiza ndi kutchula mau. Yachiŵiri ndi kumva chimene wolemba anafuna kunena. Pa mishoni ya Anglican ku Nkope, m'boma la Mangochi, pali malo ophunzitsirapo ana osaona. Iwo amaŵerenga ndi nsonga za zala malembo amene Louis Braille, mnyamata wosaona wa ku France, anakonza mu 1824 ali ndi zaka 15. Chilembo chilichonse chimapangidwa ndi timadontho tosapitirira 6, ndipo timadonthoti tingasanjidwe m'njira 63. Mwana woona amalandira malembo ndi maso, wosaona amaŵalandira ndi zala, koma onse aŵiri ali ndi ntchito imodzi yotsala, ndiyo kumva tanthauzo mumtima. Maso ndi zala ndi khomo chabe. Munthu woima pakhomo sanaloŵe m'nyumba.

Chicheŵa chathu ndi chosavuta kutchula. Mwana akadziŵa a, e, i, o, u ndi maphatikizo monga ba, be, bi, bo, bu, posachedwa angathe kutchula liu lililonse, ngakhale limene sanalimvepo. Limeneli ndi dalitso, komanso ndi msampha kwa mphunzitsi. Taonani liu lakuti mtengo: lingakhale mtengo womera kuthengo kapena mtengo wa chambo pamsika. Khungu lingakhale la pathupi kapena kusaona. Kulemera kunganenedwe za thumba la chimanga kapena za munthu wachuma. Malembo sasintha, mau oyandikana nawo ndiwo amatiuza limene likunenedwa. Ndiponso kumbukirani kuti ana ambiri a m'boma la Mangochi amalankhula Chiyao kwawo. Mwana wotere angatchule Chicheŵa mokoma, pamene mau ena a m'ndimeyo ngachilendo kwa iye.

Tsono tisanyoze ntchito yoyamba ija. Mwana wosadziŵa kuphatikiza malembo adzadalira ena moyo wake wonse, ndipo amene amuŵerengera kalata angathenso kumnamiza. Pamene boma linachotsa fizi ya pulaimale mu 1994, ana a sukulu anachuluka kuchoka pafupi 2 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo makalasi ambiri anadzaza koposa muyeso. M'kalasi lodzaza, mwana amaloŵeza zimene anzake akufuula, nayendetsa chala pabuku ngati akuŵerenga. Boma linayambitsa ndondomeko ya National Reading Programme mu 2016 pofuna kulimbitsa kuŵerenga m'makalasi oyambirira. Inunso mudzapeza ana otere m'Sande Sukulu. Athandizeni moleza mtima, osaŵachititsa manyazi pamaso pa anzawo.

Koma pali funso lina lovuta koposa. Ngati malembo okha sapereka tanthauzo, nanga tanthauzolo lichokera kwa yani? Apa pali maenje aŵiri. Loyamba ndi la mphunzitsi amene amanena yekha tanthauzo, ana nangobwereza pambuyo pake. Ana otere achoka pa kuloŵeza mau nafika pa kuloŵeza mayankho, ndipo tsiku limene mphunzitsi sadzakhalapo, adzatsata aliyense wolankhula mokweza. Dzenje lachiŵiri ndi loganiza kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopatsa ndime tanthauzo limene amkonda.

Nkope itiphunzitsanso kanthu pamenepa. Katswiri wofukula zakale, Keith Robinson, anafukula mapale a mbiya kumeneko, ndipo zimene anapeza kumwera kwa nyanja zinasindikizidwa mu 1970. Mpaka lero akatswiri amatchula mbiya za mtundu umenewo ndi dzina la Nkope. Munthu wamba akanaona mapale basi. Akatswiri anayang'ana kaumbidwe ka milomo ya mbiya ndi mizere yokongoletsa, napima zaka za makala opezeka pamalopo, ndipo anazindikira kuti anthu odziŵa ntchito ya chitsulo anakhala m'mbali mwa nyanja zaka zoposa 1,500 zapitazo. Anayenera kuganiza, pakuti phale silankhula. Komabe sanali aufulu kunena chilichonse chimene anafuna. Liu lawo lililonse linayenera kutsamira pa chimene chinatuluka m'nthaka.

Woŵerenga woona ali chimodzimodzi. Iye ali ngati mboni pabwalo la milandu, ndipo wolemba palibe kuti adziyankhire. Munthu akachotsa chiganizo pamalo pake nachinenetsa zimene mwini wake sananene, wachita umboni wonama, ngakhale atatchula liu lililonse molondola. Anthu ambiri asokeretsedwa motero, ndipo mabanja ena adana chifukwa cha kalata kapena uthenga wa pafoni umene unamveka molakwa. Nchifukwa chake kumva tanthauzo kufuna zinthu ziŵiri pamodzi: kulimba mtima kuti munthu aganize yekha, ndi kudzichepetsa kuti alole mau olembedwa amkonze.

Amene anamasulira Buku Lopatulika, motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Nkhoma, anagwira ntchitoyo zaka pafupi 20 lisanasindikizidwe mu 1922. Anavutika chomwecho kuti anthu amve m'chinenero chawo. Tikalekeza ana pa kutchula kokha, tataya thukuta lawo. Mu Machitidwe 8, nduna ya ku Aitiopiya inkadziŵa malembo bwino lomwe, koma inasoŵa woitsogolera, ndipo Filipo anayambira pa ndime yomweyo imene ndunayo inkaŵerenga. Mu Nehemiya 8, Alevi anaŵerengera anthu ndi kuŵatanthauzira, ndipo anthuwo anakondwera chifukwa anamva.

Nanga tichite chiyani Lamulungu likudzali? Choyamba, sankhani ndime yaifupi, pakuti mavesi 5 omveka aposa mutu wathunthu wothamangitsa. Chachiŵiri, musanaŵerenge, fotokozani mau achilendo ndi zinthu zimene ana adziŵa, monga bwato, ukonde, usipa ndi mwera. Chachitatu, mwana akatha kuŵerenga, atseke buku nanene nkhaniyo m'mau akeake. Ngati afotokoza bwino m'Chiyao, mloleni. Chachinayi, akapereka yankho, labwino kapena lolakwa, mfunseni mofatsa kuti, "Zimenezi waziona pati m'ndimeyi?" Funso limeneli limphunzitsa kubwerera ku mau olembedwa m'malo moyang'ana nkhope yanu. Chachisanu, popereka mphatso musaiŵale mwana wodekha amene amaŵerenga mwapang'onopang'ono koma afotokoza zomveka.

Inu nomwe konzekerani momwemo. Ŵerengani phunziro mkati mwa sabata, onani mavesi a m'mbuyo ndi a patsogolo, ndipo dzifunseni ngati chimene mufuna kuuza ana chilimodi m'ndimeyo. Ana aŵa adzakula, adzalandira makalata, adzasaina mapepala a ngongole ndi a malo, adzamva aphunzitsi amitundumitundu. Inu simudzakhala nawo nthaŵi zonse. Chimene adzatsala nacho ndi chizoloŵezi chimene muŵapatsa lero, chofunsa kuti mau aŵa akunena chiyani, ndi chokana kuŵanamizira.