Kodi Ukapulumutsa Chamoyo, Chimasanduka Chako?

Mwezi uno tiyeni tilingalire limodzi funso looneka laling'ono, koma limene limakula likafika pakhomo pathu. Kodi munthu ukapulumutsa chamoyo ku imfa, uli ndi ufulu wochigwiritsa ntchito mmene ungafunire?

Ku America kuli sewero la nyimbo lotchuka kwambiri lotchedwa Annie. Nkhani yake ndi ya kamtsikana kokhala m'nyumba yosungiramo ana amasiye mu mzinda wa New York, kumene mayi woyang'anira anawo amawakolopetsa ndi kuwasoketsa zovala mopanda chifundo. Kamtsikanako kamatola galu wosokera n'kumutcha dzina lakuti Sandy. Nthawi iliyonse seweroli likati likonzedwenso, manong'onong'o amayamba: atenge malo a Annie ndani, nanga galu achokera kuti? Ife sitingadabwe nazo, pakuti nafenso sewero la Khrisimasi likayandikira timamva zomwezo za amene akhale Maria ndi amene akhale mngelo.

M'chaka cha 1976, seweroli likukonzedwa koyamba ku Goodspeed Opera House m'chigawo cha Connecticut, mnyamata wina wophunzira ntchito dzina lake William Berloni adamutuma kuti akapeze galu. Adapita kumalo kumene amasungirako agalu osowa mwini, nakagulako galu wina ndi madola 7. Galuyo adali pa mndandanda wa ophedwa tsiku lotsatira. Mnyamatayo adamuphunzitsa moleza mtima, ndipo mu 1977 seweroli lidafika ku Broadway mu New York, komwe lidaonetsedwa maulendo 2,377 mpaka mu 1983. Sandy adaonekera pafupifupi m'maulendo onsewo. Kuyambira pamenepo Berloni adasankha kuti nyama zimene amaphunzitsa zisudzo azizitenga kumalo otere.

Wina akamva nkhaniyi anganene kuti palibenso chofunsa: galu akadafa, koma adakhala ndi moyo, ndiye kugwira ntchito kwake kudali kubweza ngongole. Maganizo amenewa ndi oopsa, ndipo mkango wina umene udabwera kuno kwathu utithandiza kuona chifukwa chake. Simba adali mkango wa munthu wina wophunzitsa nyama masewera ku France, ndipo adakhala zaka zambiri m'kachitolokosi kangolo ya galimoto. Mwini wakeyo akadatha kunena kuti, "Ndimamudyetsa, popanda ine sakadakhala moyo," ndipo sakadakhala akunama. Komabe akuluakulu a boma kumeneko adamulanda mkangowo, ndipo mu 2014 bungwe la Born Free lidaubweretsa ku Lilongwe Wildlife Centre, kumene udapeza mkango waukazi wa diso limodzi wotchedwa Bella, umene udachokera ku Romania mu 2009. Kumeneko palibe adamuuzanso Simba kuti achite masewera kuti apatsidwe nyama.

Sandy ndi Simba onse adadyetsedwa, ndipo onse adali m'manja mwa anthu a zoonetsa. Nanga kusiyana kuli pati? Ine ndikuona miyeso itatu.

Muyeso woyamba: kodi chisamaliro chimapitirira ntchito ikatha? Sewero la Annie litatsekedwa mu 1983, Sandy sadabwezedwe kumene adachokera. Adakhalabe pakhomo pa Berloni mpaka pamene adamwalira ndi ukalamba mu 1990. Zaka zotsirizazo, pamene galuyo sankabweretsanso ndalama ngati kale, ndi zimene zikutsimikiza kuti kudali kupulumutsa kwenikweni. Wosamala pokhapokha pamene pali phindu sanapulumutse, wangogula motchipa.

Muyeso wachiwiri: kodi ntchitoyo ikugwirizana ndi chibadwa cha wogwirayo, ndipo angathe kuikana? Galu adazolowera kukhala ndi anthu kuyambira makedzana. Kubwera akaitanidwa ndi kugona pafupi ndi mwana si zachilendo kwa iye. Mkango si wotero. Chitsanzo china tili nacho pafupi. Ku Cape Maclear, anyamata a maboti amatenga alendo kupita nawo ku chilumba cha Thumbi, amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, ndipo nkhwazi imatsika mumtengo n'kudzaikwatula alendo akujambula. Kukwatula nsomba ndi chibadwa chake, ndipo ikakhuta kapena ikapanda kufuna, imangokhala phee pa nthambi. Ngakhale apa m'pofunika kusamala kuti mbalame isazolowere kudalira dzanja la munthu, koma chingwe ilibe. Yerekezani ndi kamwana ka pusi kapena ka nyani komangidwa chingwe m'chiuno, kamene ena amagulitsa m'mbali mwa msewu kapena kusunga pakhomo kuti kazisangalatsa ana. Nthawi zambiri kuti kamwanako kagwidwe, mayi wake amakhala ataphedwa. Wogula amati wakapulumutsa, koma ndalama yakeyo ndi imene imatumizanso wosaka uja kutchire. Malamulo a dziko lino salola kusunga nyama zakutchire popanda chilolezo, ndipo mu 2017 zilango zake zidakhwimitsidwa. Nyama yotere malo ake ndi kwa a nthambi yoona za nyama zakutchire. Apusi ndi anyani ambiri olandidwa adawasamalira ku Lilongwe Wildlife Centre n'kukawamasula ku nkhalango ya Kasungu.

Muyeso wachitatu: kodi phindu akudya ndani? Ambiri a ife tikukumbukira njovu za ku Phirilongwe, zimene zinkaononga minda ndi kupha anthu, nazonso n'kumavulazidwa ndi misampha ndi zipolopolo. Mu 2009 boma mothandizana ndi bungwe la IFAW lidasamutsa njovu 83 kupita nazo ku Majete m'boma la Chikwawa. Padali mkangano, mpaka nkhani idafika kukhoti, pakuti ena ankafuna kuti zikhalebe m'boma lino la Mangochi. Sindikuweruza amene adatero. Chimene ndikuona n'chakuti pa kusamukako alimi adapeza mtendere, njovu nazo zidapeza malo okhala monga njovu. Alendo amakazionabe ku Majete, koma amaona nyama imene ikudya ndi kuyenda mwa kufuna kwake. Phindu lidagawanika, silidagwe mbali imodzi.

Tsopano, amayi anzanga, tibwere nayo nkhaniyi m'nyumba. Mwana si nyama, ndipo sindikufanizira awiriwa. Ndikungoti ngati miyeso imeneyi ikuyenera galu, kuli bwanji mwana wa munthu? Ndani mwa ife amene sanalerepo mwana wa mchemwali kapena wa mlongo wake amene adatisiya, makamaka m'zaka zimene Edzi idakolola makolo ambiri m'mbali mwa nyanja muno? Ntchito imeneyo amayi mwaigwira ndi mtima wonse, ndipo muyenera kuyamikidwa. Komabe tonse tikudziwa makomo amene mtsikana adamutenga kumudzi ndi lonjezo lakuti akapita kusukulu, koma lero ndiye woyamba kudzuka ndi womaliza kugona, amatunga madzi, amatsuka mbale ndi kubereka khanda pamene ana a pakhomopo avala yunifolomu. Tikudziwanso anyamata amene amagona ku gombe kukoka chilimira kapena kuyanika usipa, ndalama n'kumalandira amalume. Ukafunsa, yankho limakhala lomwe lija la mwini wake wa Simba: "Popanda ine akadakhala kuti?"

Wina anganene kuti ntchito ndi mwambo, mwana wosadziwa kusinja kapena kusesa sakula bwino. Izi n'zoona, ndipo palibe akunena kuti mwana wamasiye azingokhala ngati mlendo. Makolo adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwambiwu sukana kuti wolera adzadyeko. Koma taonani dongosolo lake: choyamba mwanayo akhale wako, kudya kumabwera pambuyo, ndiponso ndi kudya naye, osati kumudyera. Choncho funso losavuta ndi ili: kodi ntchito imene ndikumupatsa ndingaipatse wobala ndekha wa msinkhu womwewo? Akadwala kapena akalephera mayeso, kodi malo ake pakhomo alipobe? Kumbukiraninso kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Palinso siteji ina imene timaimikapo ana mosazindikira. Alendo obweretsa thandizo akafika, timasankha ana oti aimbe ndi kufotokoza za imfa ya makolo awo pagulu, ndipo zithunzi zawo zimafika pa Facebook dzuwa lisanalowe. Kuimba si kulakwa, ana ambiri amakukonda. Koma kodi tidamufunsa mwanayo? Akakana, kodi thumba lake la ufa alandirabe? Nanga amene sadziwa kuimba, wamanyazi, wachibwibwi kapena wolumala, amene sitimusankha? Ngakhale m'sewero la Annie, mtsikana woyamba kusankhidwa mu 1976 adachotsedwa patangopita masiku ochepa, malo ake n'kupatsidwa Andrea McArdle. Dziko limakumbukira osankhidwa. Ntchito ya amayi ndi kukumbukira otsala.

Yankho langa tsono ndi lakuti ayi, chamoyo chimene wachipulumutsa sichisanduka chako. Chimene chimasanduka chako ndi udindo. Kwa anamwino iyi ndi mfundo yodziwika: wodwala akachira sakhala ndi ngongole ya moyo wake kwa womusamalira, amatuluka m'chipatala n'kukapitiriza moyo wa iye mwini. Wopulumutsidwa angathe kugwira ntchito, angathe kutisangalatsa, angathenso kudzatithandiza pa ukalamba wathu, koma zimenezi zikhale zipatso za chisamaliro, osati mtengo wake.

Pa msonkhano wanu wotsatira, kambiranani mafunso awa. M'dera lathu muli ana angati oleredwa amene sakupita kusukulu, ndipo tingawafikire bwanji owalera mwaulemu, osawachititsa manyazi? Alendo akabwera, tingasonyeze bwanji zosowa za ana popanda kuimika mwana pagulu kuti afotokoze chisoni chake? Ndipo posankha a m'sewero la chaka chino, tipeza malo otani a mwana uja amene sanasankhidwepo n'kale lonse?

Tsalani bwino, amayi, mpaka mwezi wamawa.