Kodi Boma Liyenera Kubisa Ciwerengero ca Amphawi?

Pa caka ca njala mfumu ya mudzi ndiyo iyamba kudziwa kuti cimanga catha m'nkhokwe zingati, pakuti madandaulo onse afikira pakhomo pake. Tsono akabwera mthenga wa ku Boma nafunsa za moyo wa anthu, mfumuyo iri ndi njira ziwiri. Ikhoza kunena zoona, nicita manyazi pamaso pa mafumu anzake. Kapena ikhoza kuyankha kuti onse ali bwino, nisunga ulemu wake, koma mthengayo abwerera osasiya ngakhale thumba limodzi la cimanga. Funso lomweli ligwera maboma a maiko onse, ngakhale kuti iwo sawerenga nkhokwe koma anthu mamiliyoni. Kodi Boma likadziwa kuti amphawi aculuka, liyenera kuulula ciwerengero cao, kapena liri ndi ufulu wakucisunga ngati cinsinsi ca m'nyumba?

Mlandu umenewu unazengedwa poyera m'dziko la Argentina, ku South America, kuyambira caka ca 2007 kufikira 2016. Kumeneko kuli ofesi ya Boma yochedwa INDEC, mu mzinda wa Buenos Aires, imene nchito yake ndiyo kuwerenga anthu ndi zinthu. Anchito ake ena ayenda m'masitolo kulemba mitengo ya zinthu, ena ayenda m'makomo kufunsa ndalama zimene banja lipeza. Pambuyo pake awonkhetsa mtengo wa zakudya ndi zofunika zina za banja pa mwezi umodzi, monga ngati aziika m'dengu limodzi. Banja limene ndalama zake zilephera kugula dengulo liwerengedwa losauka. Cotero munthu akanama pa mitengo, wanamanso pa amphawi, pakuti dengu likaoneka lochipa papepala, anthu ambiri aoneka ngati akhoza kuligula.

M'caka ca 2003, pamene Néstor Kirchner analowa upulezidenti, dzikolo linali litangotuluka m'tsoka lalikulu la cuma, ndipo INDEC inapeza kuti anthu 54 mwa 100 ali onse anali amphawi. Pofika kumapeto kwa 2006 ciwerengero cinatsika kufikira 26.9. Imeneyi inali nchito yotamandika ndithu. Koma mitengo inayamba kukwera msanga, ndipo mu January 2007 Boma linacotsa mai Graciela Bevacqua, amene anali kuyang'anira nchito yowerenga mitengo, niliikapo anthu ena. Kuyambira pamenepo ofesiyo inali kunena kuti mitengo ikwera ndi 10 pa 100 pa caka kapena pafupi pomwepo, pamene ena odziwa za cuma anali kupeza kuti ikwera kawiri kuposa apo. Mu 2011 Boma linalipiritsa ena mwa iwo mapeso 500,000 cifukwa cofalitsa ziwerengero zao, kotero kuti aphungu otsutsa Boma anayamba kuzilengeza okha mwezi ndi mwezi. Mu 2012 masamu a INDEC anasonyeza kuti munthu akhoza kudya tsiku lonse ndi mapeso 6, ndipo nkhaniyo inasanduka coseketsa m'dziko lonse. Mu February 2013 bungwe la IMF, limene likongoza maiko ndalama, linadzudzula Argentina poyera cifukwa ca ziwerengero zake. Silinacitepo cotero ndi dziko lina liri lonse kale.

Ciwerengero cotsiriza cimene INDEC inatulutsa m'nyengo imeneyo cinali ca miyezi yoyamba ya 2013, ndipo cinati amphawi ndi 4.7 pa 100. Tsiku lolengeza cina litafika mu April 2014, ofesiyo inangoti zii. Mu June 2015 Pulezidenti Cristina Fernández de Kirchner anauza msonkhano wa bungwe la FAO ku Rome kuti amphawi a kwao safika 5 pa 100, ndipo mkulu wa nduna zake, Aníbal Fernández, anabvomereza kuti Argentina iri ndi amphawi ocepa kuposa Germany. Pa nthawi yomweyo Universidad Católica Argentina, sukulu yaikulu ya Akatolika imene inali kufufuza payokha, inali kupeza pafupifupi 29 pa 100.

Munthu wacilungamo asafulumire kuweruza asanamve mbali yina, pakuti iwo amene ati Boma likhoza kukhala cete ali nazo zifukwa zitatu zosapepuka.

Coyamba ndico ulemu wa amphawi. Mu March 2015 nduna ya za cuma, Axel Kicillof, atafunsidwa kuti amphawi alipo angati, anayankha kuti iye alibe ciwerengeroco, natinso muyeso wotere uika cizindikiro ca manyazi pa anthu. M'mau amenewa muli kacoonadi. Palibe munthu akondwera kuchedwa mmphawi, ndipo mwamuna amene agwira nchito m'mawa ndi madzulo amva kuwawa poona kuti moyo wake wonse wasanduka nambala m'buku la kalaliki. Koma ciwerengero ca dziko sicichula dzina la munthu. Manyazi a mai wosauka samgwira pa tsiku limene ofesi ilengeza masamu ake, koma pa tsiku limene abweza botolo la mafuta kwa mwini sitolo popeza ndalama zaperewera. Manyazi amene kubisa kucotsa ndi a nduna, si a maiyo ai. Ndiponso Boma silicita manyazi kuwerenga anthu omwewo pa nthawi ya msonkho ndi ya cisankho. Nanga licitiranji manyazi pa nthawi ya njala yokha?

Caciwiri ndico kuti muyeso wa umphawi suli wangwiro. Izi nzoona zedi. Anthu ndiwo asankha zolowa m'dengu lija, ndipo akaonjezamo nyama pang'ono kapena kucotsamo lendi ya nyumba, anthu zikwi zambiri alowa kapena atuluka m'gulu la amphawi, cikhalireco mbale zao sizinasinthe. Koma pamsika, wogula cimanga akakayika sikelo, mankhwala ake si kuleka kuyesa, koma kuyesa pamaso pa onse. Boma limene liona kuti muyeso wake ngwolakwa liukonze, lifotokoze m'mene laukonzera, ndipo lilole ena kubwereza masamuwo. Kulanga munthu cifukwa wayesa ndi sikelo yake kusonyeza kuti bvuto siliri m'sikelo.

Cacitatu ndico cimene cigwira mtima kopambana: za m'nyumba saulula kwa alendo. Ati ciwerengero coipa cipatsa adani a Boma cibonga, ciopsa okongoza ndalama, ndipo cicititsa dziko manyazi pakati pa maiko anzake. Koma apa pafunika kufunsa kuti mlendo ndani, mwini nyumba ndani. Okongoza ndalama ali ndi akalaliki ao, ndipo ku Argentina iwo sananyengedwe konse. Mabungwe a anchito naonso sananyengedwe, pakuti m'zaka zimenezo anali kupangana ndi mabwana ao malipiro okwera ndi oposa 20 pa 100 pa caka, Boma lomwelo liri kubvomereza. Amene anatsala opanda mboni ndiwo amphawi, anthu opanda kalaliki kapena bungwe lowalankhulira. Iwo si alendo m'nyumbamo. Ndiwo eni ake. Ndalama zolipira owerenga zicokera m'misonkho yao, ndipo mayankho olembedwa m'mabukumo anatuluka m'kamwa mwao. Boma lingosunga ciwerengeroco monga munthu asungira mnzake mbuzi: akhoza kuiweta, koma sakhoza kukaniza mwini wake kuiona.

Palinso cina cimene obisa saciganizira. Bodza limodzi liipitsa zoona zambiri. Boma la a Kirchner linacepetsadi umphawi m'zaka zake zoyamba, koma pamene linasokoneza sikelo linataya mboni imene ikadalicitira umboni. Pambuyo pake, ngakhale ponena zoona, ambiri sanalikhulupirire. Ndiponso wonama kwa ena atsiriza ndi kudzinamiza yekha, pakuti nduna imene sidziwa kumene amphawi ali sidziwanso kumene itumize cithandizo.

Mauricio Macri analowa upulezidenti mu December 2015, ndipo mu September 2016 INDEC inalengezanso ciwerengero ca amphawi: 32.2 pa 100, ndiko kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu. Dengu limene anayesera linali latsopano, kotero kuti nambalayi siingafanizidwe mwacindunji ndi ya 2006. Koma ofesiyo inafotokoza njira yake poyera, ndipo wotsutsa anali ndi potsutsira. Macri anapempha anthu kuti adzamweruze ndi ciwerengero cimeneci. Kuulula colakwa ca amene anakhalapo kale nkosabvuta. Yeso lenileni lifika pamene nambala yoipa iri yako. Yesolo linafika mu September 2019, kutatsala mwezi umodzi kuti cisankho cicitike, pamene INDEC inalengeza kuti amphawi akwera kufikira 35.4 pa 100. Ciwerengeroco sicinabisidwe, ndipo Macri anagonja pa cisankho ca mu October. Akulu akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mu September 2024, pa ulamuliro wa Javier Milei, ofesi yomweyo inalengeza 52.9, ndipo patapita miyezi 6 inalengeza 38.1. Anthu anakangana za muyeso ndi za zifukwa zake, koma anakangana masamu ali patsogolo pao, osati mumdima.

Ku Zambia nakonso nkhaniyi iri ndi malo ake. Kufufuza za moyo wa mabanja kwa mu 2015 kunapeza amphawi 54.4 pa 100, ndipo kwa mu 2022 kunapeza 60, ku midzi kokha 78.8. Ziwerengero zimenezi nzowawa, koma Zambia Statistics Agency inazitulutsa, ndipo m'menemo ndi m'mene ziyenera kukhalira. Komabe pakati pa kufufuza kuwiriko panapita zaka 7, nthawi yokwanira kuti mwana ayambe Grade 1 ndi kutsiriza Grade 7. Dziko lowerenga amphawi ake mwa kamodzikamodzi silinama, koma liyenda ulendo wautali osayang'ana njira.

Cotero Boma liribe ufulu wakubisa ciwerengero ca amphawi, popeza si lake. Liri ndi mangawa atatu kwa anthu: kuwerenga pa nthawi yoikika, kulengeza cimene capezeka ngakhale cikhale cowawa, ndi kulola ena kuyesa masamu ake osaopa cilango. Mangawa amenewa sagwera nduna zokha. Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu akhoza kupezeka ali kalaliki wolemba maina a olandira feteleza, mphunzitsi wowerenga ana osiya sukulu, kapena namwino wolemba sikelo ya makanda. Ndipo tsiku lina wamkulu wake adzamuuza kuti nambalayo aikometse pang'ono. Pa tsikulo akumbukire kuti kuseri kwa nambala iri yonse kuli pakhomo pa munthu, ndi kuti njala yofafanizidwa m'buku itsala m'mimba. Ndico cifukwa cake akale, poona mnzao ali kumwetulira pamene thupi liri kutha, anali kumcenjeza kuti, "Bisani matenda, maliro tidzamva."