Kodi Ayenera Kuyenda Ndani?

Nthawi ya atsamunda, ana a m'Moçambique sanali kuphunzira pamodzi. Ana a azungu ndi a "assimilado" anali ndi sukulu za boma. Ana a anthu wamba anali ndi sukulu za mishoni, zimene pangano la 1940 linaika m'manja mwa Akatolika. Munthu wakuda wofuna kukhala assimilado ankayenera kudziwa Cipwitikizi ndi kusiya miyambo ya makolo ake. Ankasankha yekha, koma mtengo wake unali wowawa. Pa 24 Julayi 1975 boma latsopano linatenga sukulu zonse kuti zikhale za mwana aliyense.

Ku America nako kunali tsankho. Mu 1954 khoti lalikulu linaletsa kulekanitsa ana m'sukulu cifukwa ca khungu. Mu 1966 ku Boston anayambitsa dongosolo la METCO. Makolo akuda ofuna ankalembetsa ana ao, ndipo basi inkawatengera ku sukulu za m'madera a azungu kunja kwa mzinda.

Kusankha wekha nkwabwino, pakuti cikondi sacita kukakamiza. Koma taonani: basi inkapita mbali imodzi. Mwana wakuda ndiye ankalawirira, ndiye ankakhala mlendo. Anzake otsala ankakhalabe m'sukulu yakale ija. Kodi ncilungamo kuti wolakwiridwa asenze yekha katundu wa kukonza colakwa?

Funsoli ndi lathunso kuno ku Marávia. Kholo lokhala ndi abale ku Fingoè kapena ku Tete lingathe kutumiza mwana kumeneko. Kholo losauka silingathe. Tsono pali nchito ziwiri.

Yoyamba ndi ya olandira. Sukulu imene yalandira mwana isinthe nayonso, ilemekeze cilankhulo cace ndi kwao. Mu 1993 m'cigawo ca Tete anayamba kuyesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja pamodzi ndi Cipwitikizi. Apo sukulu ndiyo inasendera kwa mwana.

Yaciwiri ndi ya tonse. Tisaiwale sukulu ya kumudzi kumene ana ambiri atsalira. Tiimange, tisamale aphunzitsi ace. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tikambirane:
1. Kodi mwana wocokera kwina timamlandira bwanji m'sukulu yathu?
2. Kodi ana otsala kumudzi tiwacitire ciani?