Ng'oma Ikatonthola: Udindo wa Mlakatuli pa Nsanja za mu Johannesburg

M'chaka cha 2003 munatuluka chimbale chotchedwa At the Bassline, chimene chinajambulidwa pamaso pa anthu m'nyumba yoyimbiramo ya Bassline, nthawi imeneyo ili ku Melville mumzinda wa Johannesburg. Amene ankalankhula pa chimkuzamawu anali Tumi Molekane, yemwe anabadwira ku Tanzania makolo ake atathawa ulamuliro wa tsankho. Kumbuyo kwake kunali oyimba zida, ndipo awiri mwa iwo, Tiago Correia-Paulo pa gitala ndi Paulo Chibanga pa ng'oma, anali ochokera ku Maputo. Omvera chimbalechi sagwirizana pa dzina la zimene amamva: ena amati ndi rap, ena amati ndi ndakatulo, ena amati ndi jazz. Mkangano wa dzinawu ndi wopepuka. Funso lolemera ndi la chikumbumtima: mawu akakwera pa ng'oma, kodi amapeza mphamvu zonenera chilungamo, kapena amapeza njira yachidule yolowera m'mitima anthu asanawayese?

Kusakanikirana kwa luso zitatuzi sikunayambe ndi achinyamata a zaka za m'ma 2000. Keorapetse Kgositsile, yemwe anabadwira mu Johannesburg mu 1938 nathawira kunja mu 1961, analemba ndakatulo imene gulu la The Last Poets la ku Harlem linatengamo dzina lake litakhazikitsidwa mu 1968. Gululi linkalakatula motsagana ndi ng'oma, ndipo ambiri amaliwerengera m'gulu la makolo a rap. Ku Soweto, Ingoapele Madingoane ankalakatula motsagana ndi ng'oma ndi zitoliro, ndipo buku lake la Africa My Beginning, la mu 1979, boma linaliletsa. M'zaka za m'ma 1980 Mzwakhe Mbuli ankalakatula pamaliro a ophedwa ndi apolisi ndiponso pamisonkhano ya ndale. Chimbale chake cha Change is Pain, cha mu 1986, nachonso chinaletsedwa. Motero rap itafika kuchokera ku America, mwina tinganene kuti inali kubwerera kumudzi kumene ena mwa makolo ake anachokera.

Phindu la ng'oma m'nyengo imeneyo ndi losakayikitsa. Buku apolisi akhoza kulilanda, koma ndakatulo imene anthu zikwi ailoweza pamtima ilibe poigwira. Kayendedwe ka ng'oma kamathandiza chikumbukiro, ndipo kamapatsa wolankhula chishango. Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lawo la Power and the Praise Poem la mu 1991, anasonyeza kuti m'madera ambiri a kumwera kwa Africa nyimbo ndi ndakatulo zinali ndi chilolezo chodzudzula mfumu, kapitawo kapena mwamuna wa m'nyumba, popanda woyimbayo kuzengedwa mlandu. Aliyense wokulira m'mudzi wa Achewa amazidziwa izi: mayi ali pamtondo amatha kuulula nkhanza za mwamuna wake m'nyimbo, mudzi wonse n'kumva, chonsecho zomwezo sakadazinena pabwalo. Apa ng'oma, kapena munsi, ndi bwenzi la munthu wopanda mphamvu.

Komatu chishango chomwecho chikhoza kubisa munthu wosafuna kuyankha pa zimene wanena. Ng'oma imagwira thupi mutu usanaganize. Munthu amayamba kugwedeza mutu chifukwa cha kukoma kwa kayimbidwe, ndipo kugwedezako kumafanana ndi kuvomera. Makhoti a mu Johannesburg analimbanapo ndi vuto limeneli. Mu 2011 khoti linagamula kuti nyimbo ina ya nthawi yomenyera ufulu, imene Julius Malema ankayimba pamisonkhano, inali mawu odzetsa chidani. Mu 2022, pa mlandu wina umene bungwe la AfriForum linakasumanso, khoti linagamula kuti mawu a nyimbo yomweyo asamatanthauziridwe monga akumvekera, ndipo khoti la apilo linagwirizana ndi chigamulochi mu 2024. Nyimboyo si ndakatulo ya pa nsanja, koma kusiyana kwa zigamulo ziwirizi kukuonetsa poyera pamene pagona nkhani: kodi mawu oyimbidwa amamanga mwini wake monga amachitira mawu olankhulidwa? Ngati samumanga konse, ndiye kuti mlakatuli wodzudzula boma ndi woyimba wa rap wonyoza akazi onse ali ndi pothawira pamodzi, poti aliyense adzangoti inali nyimbo chabe.

Ena poona ngozi imeneyi amati ndakatulo yeniyeni ndi ya papepala, kumene wowerenga amakhala yekha, nabwereza mzere, nautsutsa mopanda phokoso. Maganizowa ali ndi mfundo, koma pepala nalonso lili ndi zophimba zake. Jack Mapanje, m'buku lake la Of Chameleons and Gods la mu 1981, anakuta chidzudzulo chake m'zining'a kuti apulumuke mu ulamuliro wa Dr. Banda, ndipo ngakhale anatero anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira mu 1987 mpaka mu 1991. Zining'a zake ankazimasulira ndi ophunzira ochepa odziwa Chingerezi. Mbuli ankamvedwa ndi anthu amene sukulu za tsankho zinawamana mwayi wowerenga mabuku otere. Kunena kuti pepala lokha ndilo loyera ndi kusankha omvera ochepa n'kuwatcha oyenera.

Yankho labwino likupezeka pa nsanja pomwepo, pa kusiyana kwa nyimbo yojambuliratu ndi gulu la oyimba amoyo. Nyimbo ya m'makina imayenda mofanana kaya wolankhula akunena zanzeru kapena zopanda pake. Woyimba ng'oma wamoyo amamvetsera. Akhoza kutsitsa mawu a ng'oma kuti mzere wofunika umveke, akhoza kuleka kwa kamphindi n'kumusiya wolankhulayo yekha ndi mawu ake, akhozanso kumufulumizitsa akayamba kuzungulira. Amakhala womvera woyamba, ndiponso mboni. Izi zikufanana ndi nthano za madzulo, pamene wosimba amati "Padangotero" ana n'kuyankha kuti "Tili tonse." Kuyankhaku sikutanthauza kuti tavomereza zonse zimene unene. Kukutanthauza kuti tili pano, tikumva, ndipo ukasokoneza nthano tikukonza. Khamu lingakhale mboni zotere, kapena lingasanduke gulu longowomba m'manja, malinga ndi mmene mlakatuli akulionera.

Mzindawu uli ndi zitsanzo za anthu amene anasankha kulemekeza omvera m'njira imeneyi. Lesego Rampolokeng, wobadwira ku Soweto mu 1965, anatenga zambiri kuchokera ku rap ndi ndakatulo za dub za ku Jamaica, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anajambula chimbale cha End Beginnings pamodzi ndi Kalahari Surfers. Ufulu utabwera mu 1994, iye sanasanduke wotamanda olamulira atsopano. Anapitiriza kulankhula zowawa ngakhale kwa khamu lofuna chikondwerero. Mu 2003 Lebo Mashile, Myesha Jenkins, Napo Masheane ndi Ntsiki Mazwai anayambitsa gulu la Feela Sistah, nabweretsa pa nsanja nkhani za thupi la mkazi ndi nkhanza za m'nyumba, zimene amuna ambiri ogwira chimkuzamawu ankazilambalala. Buku la Mashile la In a Ribbon of Rhythm linapata mphoto ya Noma mu 2006, umboni woti mawu obadwira pa nsanja akhoza kuima okha ng'oma itachotsedwa. Mipikisano ya ndakatulo, monga imene bungwe la Word N Sound linayamba kukonza litakhazikitsidwa mu 2010, inatsegula khomo kwa achinyamata ambiri, koma mpikisano uliwonse uli ndi yesero lake: kumene mapointi ndi nthungululu zimasankha wopambana, mlakatuli amakopeka kunena zimene khamu limakhulupirira kale.

Choncho mlandu sugwera ng'oma, ndipo malire a pakati pa ndakatulo, rap ndi nyimbo sangateteze munthu ku bodza. Chilolezo chimene makolo anapereka kwa woyimba chinali choti wofooka adzudzule wamphamvu popanda kulangidwa; sichinali choti aliyense alankhule popanda kufunsidwa. Amene wakwera pa nsanja ayenera kukhala wokonzeka kubwereza mawu ake mawa lake m'mawa, pang'onopang'ono, pamaso pa munthu amene anamutchula, popanda gitala kapena khamu lomuchemerera. Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera. Ndakatulo imene womvera akhoza kuikumbukira atafika kwawo ku Yeoville kapena ku Tembisa, n'kuisinkhasinkha, mwinanso n'kuitsutsa, ndiyo imene inagwiritsa ntchito ng'oma mwachilungamo.