KODI KRISIMASI IYAMBA LITI?

Pakati pa mwezi wa Okutobala, dzuwa liri kuswa mtengo, mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi, munthu wa kumudzi akalowa m'sitolo yaikuru ku Chipata kapena ku Lusaka apeza Krisimasi yafika kale. Mtengo wa pulasitiki waimikidwa pakhomo, tinyali tofiira tiri kuphethira usana, ndipo anyamata ogulitsa abvala zisoti za ku maiko acisanu, thukuta liri kamukamu. Komatu kwatsala masabata khumi kuti tsikulo lifike.

Mpingo suwerenga masiku motero. Buku lakale la masiku lisonyeza kuti pofika caka ca 336 Akristu a ku Roma anali kusunga 25 Disembala monga tsiku la kubadwa kwa Ambuye. Pambuyo pace anaika patsogolo pa tsikulo nyengo ya Adventi, imene iyamba pakati pa 27 Novembala ndi 3 Disembala. Nyengo imeneyi ndi ya kuyembekeza, ndipo kale m'maiko ambiri anthu anali kusala zakudya m'menemo. Phwando linali kuyamba tsikulo litakwana.

Kodi tsono mwini sitolo wacimwa? Asaweruzidwe msanga. Zokometsera zace zambiri zipangidwa ku Yiwu, mzinda wa ku China. Ziyenda masabata panyanja, ndi masiku enanso pamseu kucokera ku doko. Ndalama anaturutsa kale, ndipo mtengo wa pulasitiki wotsala pa 26 Disembala palibe adzaufuna kufikira caka camawa. Iyenso ali ndi anchito oyembekeza malipiro. Ndipo sagwira munthu pamkono kumkokera m'kati.

Ngakhale ziri tero, malonda ali ndi mphamvu ya kusuntha masiku opatulika. Ku America ogula ayamba za Krisimasi litapita tsiku lao la kuyamika Mulungu, lochedwa Thanksgiving. M'caka ca 1939 tsikulo likadagwa pa 30 Novembala. Eni masitolo anadandaula kuti masiku ogulitsa acepa, ndipo Pulezidenti Franklin Roosevelt analibweza ku 23 Novembala. Zigawo zambiri za dzikolo zinakana, kotero kuti m'caka cimeneco abale ena anadya phwando limodzi pa masiku awiri. Mlanduwo unatha mu 1941, pamene nyumba ya malamulo inakhazikitsa tsikulo pa Lacinai lacinai la Novembala.

Kwa mlimi nkhaniyi ilasa pena. Cimanga, mtedza ndi thonje azigulitsa m'cirimwe, ndipo ndalama za caka conse zikhala m'thumba mwace pa Okutobala. Pofika Disembala zatha. Wamalonda adziwa ici bwino lomwe. Iye sayang'ana kalendala ya mpingo, ayang'ana thumba. Tsono ndalama zimene tinyali tija tiziitana ndizo zomwezo za mbeu ndi feteleza, pakuti mvula yobzalira igwa mu Novembala. Atate wacifundo aona diresi lokongola, akumbukira mwana wace wamkazi, nanena mumtima kuti thumba limodzi la feteleza licepe. Cikondi cace ncoona, ndipo palibe woyenera kucinyoza. Koma akuru anati cakudza siciimba ng'oma. Krisimasi ya m'sitolo iimba ng'oma miyezi iwiri. Njala ya Januwale ndi Febuluwale ingofika cete, nipeza nkhokwe yapepuka.

Palinso cina cotayika cimene sicioneka pa sikelo. Angoni a Mpezeni acidziwa. Pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, kumapeto kwa Febuluwale, mfumu yaikuru iyamba ndiyo kulawa zipatso zoyamba za m'munda. Mwa lamulo la makolo, cimanga cingakhwime pamaso pa mwana wanjala, sanali kucithyola tsikulo lisanafike. Cimanga cace ncimodzimodzi dzulo ndi mawa. Cimene cisandutsa kudya kukhala cikondwerero ndico kudikira pamodzi, mudzi wonse, kufikira mwini nthawi ataloleza. Nkhalamba Simeoni wa m'Uthenga wa Luka anadikira cotero m'Yerusalemu kufikira anamfukata Mwanayo. Mwana wa lero amene waona nyenyezi ya pepala masabata khumi, namva nyimbo za ku Betelehemu pakati pa sopo ndi mcere, afika pa usiku weniweniwo zonse zitasukuluka kale m'maso mwace.

Pa 26 Disembala anyamata aja atsitsa mtengo wa pulasitiki, naika m'malo mwace makope, nsapato ndi mayunifomu, popeza sukulu zitsegulidwa mu Januwale. M'kacalici ka kumudzi, pamene anthu abwera ndi matope a kumunda kumapazi, phwando lagona tsiku limodzi lokha mwa masiku ace khumi ndi awiri, ndipo anzeru a kum'mawa sadzachulidwa kufikira pa 6 Januwale.