Mbala Yobisala mu Nsengwa

Padangokhala!

Tilitonse!

Kufupi ndi nyanja ya Chia ku Nkhotakota, kumene madzi amakhalitsa m'minda ya mpunga, kunali Udzudzu wokalamba amene ankanyamula tizirombo ta malungo. Tsiku lina anatilangiza nati, "Ana inu, mukalowa mwa mayi woyembekezera musachite phokoso. Mukamutenthetsa thupi athamangira kuchipatala. Kamatirireni mu nsengwa, momwe mumadutsa chakudya cha mwana. Wa mimba yoyamba ndiye wabwino, thupi lake silinatizolowere."

Usiku womwewo Udzudzu analowa m'nyumba ya Naphiri, mkazi wa msodzi, yemwe anali woyembekezera. Neti munalibe. Mwamuna wake anali ataimasula n'kukakokera usipa.

Mimba itapitirira miyezi itatu, Naphiri anayamba sikelo. Namwino anamupatsa mapiritsi atatu a Fansida ndi kapu ya madzi.

"Imwani ndikuona, amayi. Mwezi wamawa mudzamwanso."

Naphiri anawabisa m'tsaya, ndipo atatuluka anakawalavula kuseri kwa mtengo wa mango. Mumtima ankati, "Ndimwerenji mankhwala ine wosadwala? Mutu sukuwawa, thupi silikutentha, chinangwa ndikusinja ndekha."

Miyezi inapita. Zikhatho zake zinayamba kuyera, ndipo pochokera kunyanja ndi ndowa pamutu ankapuma kawiri panjira. Tsiku lochira litafika, kunabadwa kamwana ka makilogalamu 2 okha, mkono ngati chala cha bambo ake, kulira kwake kosamveka panja. Naphiri anakafungatira pachifuwa usana ndi usiku, misozi ili chuchuchu.

Atabwerera kumudzi, apongozi ake aakazi sanamukalipire. Anangomuitanira m'nyumba n'kumuonetsa thumba la mpunga.

"Naphiri, thumbali mukuliona bwanji?"

"Lili bwinobwino, amayi."

Gogoyo anamasula chingwe, napisa dzanja. Munatuluka fumbi ndi anankafumbwe okhaokha.

"Kodi munalimva likulira pamene ankalidya? Malungo a mayi wapakati amatero. Amamaliza magazi mwakachetechete, mwana n'kumamanidwa chakudya ali m'mimba. Mapiritsi aja anayamba kuperekedwa kwa amayi oyembekezera m'dziko muno mu 1993. Ine ndinamwa ndili ndi pakati pa mwamuna wanuyu, ndipo sindinkadwala ayi."

Mwamunayo anamva zonse ali pakhonde. Madzulo ake anabwera ndi neti ina, naimangirira yekha pamwamba pa mphasa.

Mwana uja anapulumuka, koma movutikira. Patapita zaka zitatu Naphiri anaimanso. Ulendo uliwonse wa sikelo ankameza mapiritsi ake namwino akuona, kenako n'kuyasamula kuti aone kuti mkamwa mulibe kanthu. Anamwa maulendo anayi. Udzudzu ankafika usiku, n'kumangolira kunja kwa neti mpaka tambala woyamba.

Mwana wachiwiriyo anabadwa ndi makilogalamu 3, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka kuchitando kumene apongozi aja ankadikirira.