Agogo akafuna kupita kumaliro, tiwaletse?

Sabata ino tiyeni tiganizire limodzi nkhani yomwe ambiri a ife tinakumana nayo.

Foni yalira mbandakucha kunyumba kwanu ku Biwi. Kumudzi ku Ntcheu kwagwa zovuta, ndipo amene atisiya ndi mng'ono wawo wa agogo. Musanatsitse n'komwe foni, agogo amanga kale duku, akufunafuna ndodo yawo. Koma inu mukudziwa kuti miyendo yawo imatupa, ali pa mankhwala a BP, ndipo ku Ntcheu ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 160. Ndiye mumayankhula mawu aja timayankhula tonsefe: "Agogo, inu tsalani. Tikakuimirirani ife."

Kodi chimenechi ndi chikondi?

Mbali ina, inde. Amene anakwerapo minibasi mumsewu wa M1 akudziwa. Mumapanikizana anayi pampando, thumba la chimanga lili pamapazi. Kondakitala sadikira munthu wofuna kutaya madzi. Ngati ndi mwezi wa June, mphepo ya pa Dedza ndi Bembeke imalowa mpaka m'mafupa. Mukafika, kumasiwa n'kogona pansi. Mwana woganizira kholo lake sangalephere kuda nkhawa.

Koma tanenani chilungamo, inu nokha mumtima. Pa nkhawa imeneyo, ndi gawo lanji lomwe ndi la agogo, nanga ndi gawo lanji lomwe ndi lanu? Kuyenda ndi munthu wokalamba n'kuchedwa. Thiransipoti imakhala ya anthu awiri. Simungadumphire galimoto iliyonse, simungabwerere tsiku lomwelo kuti Lolemba mukapezeke kuntchito. Nthawi zina tikamati "mutopa", amene tikuopa kutopa ndi ifeyo.

Ine ndinalakwapo. Agogo anga aakazi tinawasiya ku Biwi pamene tinkapita kukaika mchemwali wawo. Sanakangane nafe. Titabwerako ndinawafotokozera zonse, nyimbo za kwaya, kuchuluka kwa anthu, amene anayankhula kumanda. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anangofunsa kuti, "Nanga nkhope yake inali bwanji?" Ndinasowa poyambira. Ndi pamene ndinazindikira kuti munthu ungamuimirire popereka chipepeso, koma potsanzika m'bale wake sungamuimirire.

Chaka chotsatira anati akufuna akaone manda aja. Ulendo uno tinapita limodzi. Tinalawirira, ndinawapemphera mpando wakutsogolo, ndipo pa Lizulu tinatsika kuti apume, n'kudikira galimoto ina. Tinafika dzuwa litapendeka. Koma m'njira monse ankandilozera: apa ndi pomwe ankagulitsa mbatatesi ali mtsikana, uko kutsidya kwa msewu ndi ku Mozambique komwe kunachokera anthu othawa nkhondo amene anawasunga pakhomo. Msewu umene ndinkaudutsa ndili pa foni unasanduka mbiri ya banja lathu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mfundo yanga ndi iyi: kuchenjeza n'kosiyana ndi kulamula. Udindo wanu ndi kuwauza agogo zoona zake za ulendo, kutalika kwake, kuzizira kwake, zomwe adokotala ananena. Akamva zonsezo n'kunenabe kuti "ndipita", thupi ndi lawo, m'bale ndi wawo. Ukalamba umachepetsa mphamvu za miyendo, koma sumubweza munthu kukhala mwana woti ena azimuganizira. Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Zimatheka bwanji kuti nzeru zawo tizizifuna pa milandu ya banja, koma pa za moyo wawo womwe tiziti sadziwa kanthu?

Wina anena kuti, nanga akakomokera m'njira, mlandu udzakhala wa yani? Funso limeneli ndi lolemera, sindikulipeputsa. Alipo agogo amene mutu unayamba kusokonezeka, ena achipatala anawaletseratu kuyenda. Pamenepo kukana ndi chikondi ndithu. Koma tisatenge zifukwa za odwala kwambiri n'kumangira nazo wokalamba aliyense pakhonde. Munthu akhoza kusungidwa bwino, kudya katatu patsiku, koma mtima uli m'ndende.

M'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Ndi chinthu chabwino, makamaka m'dziko lomwe agogo ena amaphedwa powanamizira ufiti. Koma palibe lamulo lomwe lingakukakamizeni kuchepetsa liwiro kuti mufanane ndi ndodo ya agogo anu pa depoti. Zimenezo zimachokera kwa inu.

Mawa lino ndi inu amene mudzamange duku kapena kuvala jekete, mdzukulu ataima pakhomo n'kumati "tsalani". Mudzafuna adzakufunseni, kapena adzakugamulireni?

Nanga inu kwanu munatani? Tiuzeni m'munsimu.